Akatha Buku Loyamba Awerenge Ciyani? Maganizo Athu pa Mabuku Atatu



Pa msonkhano wathu wapitawu, titatha kukambirana za coko, mabolodi ndi masiku a mayeso, mayi wina amene amatsogolera kalasi kumudzi wa kuseri kwa phiri la Domwe adaimirira nafunsa funso limene lidatisowetsa conena. Adati, "Abusa, anthu anga atha buku loyamba. Zilembo akuzidziwa, dzina akulemba okha. Tsono mawa ndikawapatse ciyani?" Ena adaseka, ena adati awerenge Baibulo basi, koma mayiwo sadakhale pansi. Adatiuza za agogo ena amene adakhoza bwino caka catha, nalandira pepala lawo pamaso pa mpingo wonse, koma pofika nyengo yokolola adabwera ndi kalata ya mwana wawo wa ku Beira kuti wina awawerengere. Kuwerenga kudawathawa, cifukwa m'nyumba mwawo munalibe cowerenga cina koma thumba la feteleza. Khasu losalimira limadyeka ndi dzimbiri lili pakhonde.

Funso limenelo ndilo latikakamiza kulemba. Tikufuna kukuuzani za mabuku atatu amene takhala tikuwerenga miyezi ino, awiri a m'cinenero cathu ndi limodzi la Cipwitikizi, pamodzi ndi zimene taonamo, zokoma ndi zopelewera zomwe. Amene wawerenga mabukuwa naona mosiyana ndi ife atilembere, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Njala ya mabuku si ya lero

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula Mphatso kuno ku Angonia mu 1909, ndipo m'masukulu awo anthu ankawerenga Cinyanja. Mu 1922 boma la Apwitikizi lidatseka nchito yawo. Caka comweco ndico cidatuluka Buku Lopatulika lathunthu. Taonani kuwawa kwake: buku lidafika aphunzitsi ake ali kulongedza katundu. Kucokera apo mwana wolowa sukulu kuno ankaphunzira m'Cipwitikizi. Titalandira ufulu mu 1975, boma lidayambitsa nchito yaikulu yophunzitsa akulu mu 1978, koma nayonso idali ya m'Cipwitikizi. Kenaka idabwera nkhondo, masukulu ambiri adapasuka, anthu adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kufikira pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992. Kuyesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja m'masukulu a boma kudayamba mu 1993, m'masukulu ocepa a cigawo ca Tete.

Conco mabuku ambiri a cinenero cathu adalembedwa ndi kusindikizidwa kutsidya kwa malire, ku Nkhoma, ku Blantyre ndi ku Lusaka. Ena mwa amene tili nawo adabwera m'mitolo ya anthu pobwerera kwawo nkhondo itatha. Phindu lake n'lakuti cinenero n'cimodzi, ndipo mabukuwo ndi athu ndithu. Vuto lake n'lakuti maso a olemba ake ankayang'ana kwawo. Zonse zimene tinene m'munsimu zatsamira pamenepa: mabukuwa tiwawerenge, koma tiwawerenge ngati anthu amene ali ndi pakamwa poyankhira.

Nthondo

Buku loyamba ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene adabadwa mu 1905 namwalira mu 1976. Adalilembera mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa umene lidakonza bungwe la ku London, ndipo lidapata mphoto. Lidasindikizidwa mu 1933, ndipo caka cotsatira mmishoni wa ku Scotland, T. Cullen Young, adalimasulira m'Cingerezi pa dzina lakuti Man of Africa. Ena akamva zaka zimenezi amati tsobola wakale sawawa. Ife tidaliyesa m'kalasi ina kwa masabata anayi, ndipo tsobolayo adawawa ndithu.

Nkhani yake n'njosavuta kuitsata. Ndi moyo wa munthu mmodzi kuyambira pa kubadwa mpaka pa imfa. Nthondo akula ali mwana wosamva ndi wakuba, apita kutali kukafuna nchito monga ankacitira anyamata a nthawi imeneyo, abwerera kwawo, alowa ufumu wa mudzi, ndipo kumapeto atembenuka mtima nakhala Mkhristu. Kwa munthu amene wangophunzira kumene kuwerenga, kayendedwe kotere, cinthu pambuyo pa cinzake, n'kothandiza kwambiri. Sasocera. Akasiya Laciwiri, pofika Lacinayi adziwa pamene adalekezera, cifukwa akukumbukira msinkhu umene adamusiyira Nthondo.

Cimene tidakonda koposa ndi khutu la Ntara. Anthu ake amalankhula monga amalankhulira anthu pabwalo ndi pamtondo. Miyambo ya pamudzi saifotokoza ngati mlendo wodabwa, amangoiyika m'nkhani monga munthu amene adakuliramo. Pamene tinkawerenga mokweza, abambo ena acikulire ankamaliza okha mawu wowerenga asanafike kumapeto kwa mzere. Pamenepo ndi pomwe munthu wamkulu amazindikira kuti zapapepala ndi kulankhula komwe kuja kwa masiku onse, ndipo mantha a buku amayamba kumucoka.

Ndiponso Ntara sadaope kuika munthu wolakwa pakati pa nkhani yake. Timabuku tina ta kuchalichi timatipatsa mwana wabwino amene salakwa ngakhale kamodzi, ndipo palibe amene amamukhulupirira. Nthondo timamudziwa, mudzi uliwonse uli naye wake. Kalasi idaseka, idakwiya, idatsutsana mpaka dzuwa kulowa za amene ayenera kudzudzulidwa mwana akakula cotere, kaya ndi makolo, kaya amalume, kaya mudzi wonse. Mayi wina amene samalankhula konse m'kalasi adapempha kuti awerengeko yekha tsiku limenelo.

Koma tili ndi dandaulo, ndipo mwina mudabwa kuti likucokera kwa m'busa. Kutembenuka kwa Nthondo sikudatikhutitse monga kudatikhutitsira kuba kwake. Masamba a ucimo wake ali ndi utsi ndi thukuta la pamudzi, pamene masamba a kutembenuka amamveka ngati phunziro la m'kalasi ya ubatizo. Tikukondwera kuti adapulumuka, inde. Koma ife amene timakhala ndi anthu olapa tikudziwa kuti kulapa ndi ulendo wautali: pali kubweza za eni monga adacitira Zakeyu, pali manyazi, pali kugwa ndi kudzukanso, pali anthu olakwiridwa amene sakhululuka msanga. Wolemba adafulumira pamene padafunika kudekha. Tikumbukire kuti anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo osindikiza ake anali a mishoni, motero mathero otere ndiwo ankayembekezeka. Ngozi yake m'kalasi ndi iyi, kuti wophunzira amene si wa mpingo wathu angaganize kuti tamupatsa bukuli ngati msampha. Conco mukafika kumapeto musalalikire. Funsani cabe kuti, kodi anthu amene Nthondo adawabera akadamulandira bwanji atamva kuti walapa? Mukatero khalani cete, kalasi iyankhe yokha.

Mbiri ya Acewa

Laciwiri ndi la Ntara yemweyo, Mbiri ya Acewa, limene lidatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940 ndipo lidamasuliridwa m'Cingerezi mu 1973. Apa Ntara sadapeke nkhani. Adafunsa akuluakulu nalemba zimene adamuuza: za ulendo wa makolo pobwera kuno, za mafuko a Phiri ndi Banda, za Kalonga ndi mafumu amene adapatuka kukakhazika maiko awo, za Makewana wa ku Msinja ndi kupempha mvula, ndi za kufika kwa Angoni. Pa nthawi imene ana a sukulu ankaloweza maina a mafumu a ku Ulaya, munthu wa pamudzi kukhala pansi n'kulemba m'cinenero cake kuti ifenso tili ndi mbiri, cidali cinthu cacikulu. Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Amene adamuuza Ntara onse adapita, koma mawu awo tili nawo.

Kwa owerenga atsopano bukuli n'lolemera kuposa Nthondo. Maina a mafumu ndi a malo amabwera ambirimbiri motsatana, ndipo palibe munthu mmodzi womutsata kuyambira kuciyambi mpaka kumapeto. Tidayesa kuliwerenga kuyambira tsamba loyamba, ndipo pofika sabata laciwiri anthu adayamba kuyasamula. Titasintha n'kusankha cigawo cimodzi cokha, cokhudza dzina limene anthu amalidziwa kale, maso adatseguka. Conco bukuli musalimeze lonse. Litapeni pang'onopang'ono monga timatapira cimanga m'nkhokwe.

Dandaulo lathu lalikulu pa bukuli ndi la malire. Malire a pakati pa Apwitikizi ndi Angerezi adalembedwa mu 1891, Acewa atakhala kale m'dziko lino zaka mazana. Ntara adafunsa kwambiri akuluakulu a mbali imene iye ankakhala, ndipo mbali yathu ino imaoneka ngati kumene anthu adangopitako kapena kudzerako. Cikhalireco ufumu wa Undi, umene udapatuka kwa Kalonga, likulu lake lidali ku Mano, m'cigawo cino ca Tete, kufikira pamene Undi adasamukira ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930. N'cifukwa cake mafumu a Acewa a maiko atatu amasonkhana kwa Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Angoni a Maseko nawo adakhazikika pa Domwe pompano malire asanawagawe pakati. Munthu wa kuno akamawerenga mbiriyi amakhala ngati akuonera gule wa kwawo ataima kunja kwa mpanda.

Tisamuimbe mlandu Ntara pa cimeneci, pakuti munthu amafunsa amene miyendo yake ingathe kuwafikira. Koma tione kuti zolembedwa zakale za mbali yathu adazilemba ndi alendo. Lacerda adanyamuka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe. Gamitto adayenda ulendo wonga womwewo mu 1831 ndi 1832, nalemba zambiri za Amaravi ndi Acewa m'buku lake la mu 1854. Adaona zambiri, koma adaona ngati apaulendo otumidwa ndi boma lawo, ndipo adalemba m'Cipwitikizi. Harry Langworthy, amene adaika ndemanga zake m'buku la Ntara lomasuliridwa lija, adalembanso za ufumu wa Undi, koma m'Cingerezi, kulembera anthu a ku yunivesite. Nanga agogo a ku Furancungo kapena a ku Chifunde, mbiri ya kwawo adzaiwerenga kuti? Cinanso, bukuli ndi mbiri ya mafumu makamaka. Osula makasu, oumba mbiya, amayi amene adasenza mbewu pa ulendo, awa saoneka kwenikweni, koma ndiwo makolo a ambiri a m'makalasi mwathu.

Cenjezo pa kalembedwe

Musanapatse ophunzira buku lililonse la kutsidya, onani kalembedwe kake. Ku Malawi dzina la cinenero lidasinthidwa kukhala Chichewa mu 1968, ndipo mabuku awo a pambuyo pake amalemba ch pamene ife timalemba c, ndi tch pamene ife timalemba ch. Kuno tikutsata zimene adagwirizana pa msonkhano wa kalembedwe ka zinenero za dziko lino, ku Maputo mu 1988. Zikuoneka zazing'ono, eti? Koma taonani. M'buku la ku Malawi, kuchedwa ndiko kusafika pa nthawi yake. Kwa ife mawu olembedwa coterowo ndi a kupatsidwa dzina, ndipo kusafika pa nthawi timalemba kucedwa. Wophunzira akakumana nazo osacenjezedwa amayesa kuti mutu wake ndiwo wolakwa, ndipo munthu wamkulu akacita manyazi kawiri katatu sabweranso. Lembani pa bolodi mizere iwiri, kalembedwe ka kuno ndi ka uko, mawu khumi okha. Tsiku limodzi likwanira. Auzeninso kuti Buku Lopatulika lakale lija lili ndi c wathu yemweyu, adzalimba mtima.

Terra Sonâmbula

Lacitatu ndi Terra Sonâmbula, la Mia Couto wa ku Beira, limene lidatuluka mu 1992, caka ca pangano la mtendere. Ili si la ophunzira anu ayi. Ndi la inu atsogoleri amene mumatha Cipwitikizi, ndipo ngakhale inu lidzakucititsani thukuta. Wolembayo amaumba mawu akeake amene simudzawapeza m'dikishonale, ndipo amasakaniza maloto ndi zocitika mpaka wowerenga osadziwa pamene waponda. Nthawi zina tidaona ngati kukometsera mawu kwapyola muyeso, makamaka pa zinthu zimene ena a ife tidaziona ndi maso, zimene sizisowa zokometsera.

Koma msana wa nkhaniyo sudzaticoka m'mtima. Nkhalamba yochedwa Tuahir ndi mnyamata Muidinga acoka ku kampu ya othawa nkhondo, nabisala m'basi yopsa pamsewu. Pafupi ndi mtembo wina apeza sutikesi, m'menemo muli makope olembedwa ndi munthu wochedwa Kindzu. Usiku mnyamatayo amawerengera nkhalambayo mokweza. Mudzi alibe, cakudya n'cosowa, mnyamatayo adaiwala ngakhale za kwawo cifukwa ca matenda, koma kuwerenga kuja kumawasunga kuti akhalebe anthu.

Cimene tidatolapo ndi ici. Zimene mnyamatayo ankawerenga sizidacokere kusitolo kapena kwa osindikiza. Adali makope wamba, a munthu wamba amene adalemba zomucitikira. Pamenepa ndipo tidapeza theka la yankho la funso la mayi uja. Ngati mufuna kufotokozera kalasi nkhaniyi m'Cinyanja, citani mosamala. M'makalasi mwathu mumakhala anthu amene mabanja awo adali mbali ziwiri za nkhondo, ena adataya abale, ndipo palibe woyenera kukakamizidwa kulankhula.

Tsono ticite ciyani?

Amene adati awerenge Baibulo sadalakwe. Makolo athu ambiri adaphunzirira kuwerenga pa Buku Lopatulika, ndipo Buku Loyera la mu 1998 lili ndi mawu apafupi ndi kalankhulidwe ka masiku ano. Yambani ndi mabuku a nkhani, monga Rute, Yona ndi Marko. Levitiko adikire. Komabe kalasi si ya mpingo wathu wokha, ndipo munthu amene amawerenga Baibulo lokha amayamba kuyesa kuti kuwerenga ndi kwa Lamulungu basi. Baibulo lomwelo likutiphunzitsa njira. Pa Nehemiya 8, Ezara adawerenga mokweza pamaso pa amuna ndi akazi, ndipo Alevi adatanthauzira kuti anthu amvetse zowerengedwazo. Buku lidali limodzi, koma adapindula nalo ndi khamu lonse.

Inunso buku limodzi likukwanirani. Tsiku lina la pa sabata werengani Nthondo mosinthana, aliyense ndime imodzi, ndipo ndime yovuta muilembe pa bolodi. Tsiku lina tengani kacigawo ka Mbiri ya Acewa, ndipo mukatha funsani kuti, nanga kwathu kuno akuluakulu amati bwanji? Kenaka tumizani ophunzira awiriawiri, ndi kope ndi pensulo, kwa agogo a pamudzi. Akafunse amene adayamba mudziwo ndi kumene adacokera, tanthauzo la dzina la mtsinje, kumene anthu ankapemphera mvula, mmene Akhristu ankapembedzera amishoni atacoka mu 1922, ndi caka cimene mudziwo udabwerera nkhondo itatha. Ayambe apempha cilolezo, kwa agogowo ndi kwa amfumu. Zacinsinsi za kudambwe asazikumbe, si nchito yathu. Pamwamba pa tsamba alembe amene wanena, malo ndi tsiku, monga amacitira olemba mbiri enieni.

Ziwiri tikupemphani. Coyamba, musakonze mawu a agogo kuti amveke ngati a m'buku. Ngati amalankhula mosakaniza ndi Cingoni kapena Cinyungwe, lembani momwemo. Caciwiri, akuluakulu awiri akasiyana pa nkhani imodzi, lembani zonse ziwiri, musasankhe. Amene adzabwere pambuyo pathu adzayamika kupeza mboni ziwiri m'malo mwa imodzi.

Kalasi iliyonse ikalemba masamba awiri okha, makalasi khumi atipatsa masamba makumi awiri. Tidzawasindikiza m'masamba ano ndi kuwabweza kwa inu. Pamenepo agogo aja a kalata ya ku Beira adzakhala ndi cowerenga m'nyumba mwawo, ndipo cidzakhala ca mudzi wawo, mwina mawu awo enieni. Ntara adacita mbali yake ndi miyendo ndi pensulo. Mbali ya kuno yatsalira ife.

Mayi uja wa kuseri kwa Domwe tidamubwereka Nthondo wathu, wocoka cikuto, womangidwa ndi ulusi. Tidapangana kuti pobweza adzabwere ndi masamba awiri a mbiri ya mudzi wawo. Inunso amene muli ndi mabuku a Cinyanja m'mabokosi, atulutseni ciswe cisanawamalize, ndipo mutilembere maina ake kuti tizibwerekana kalasi ndi kalasi.

Ambuye akupatseni mphamvu pa nchito imene mukugwira.